MUYESO WOSASUNTHA: MOMWE AKATSWIRI AYESERA NCHITO YA MAJINI M'ZITSAMBA ZA MALUWA

Caka ndi caka, mvula ikatha ndipo mphepo ya cisanu ikayamba kuomba, zitsamba zina za m'mipanda ya nyumba, ya masukulu ndi ya machalichi kuno ku Chipata zimasintha maonekedwe ace. Citsamba cija ca utomoni woyera ngati mkaka, cimene dzina lace ndi poinsettia, cimafiira kunsonga kwace konse. Bougainvillea, uja wa minga woyanga pa mipanda, amakongola koposa m'cirimwe, pamene udzu wauma ndipo fumbi liri koboo. Kodi nciani cimene cimauza zitsamba zimenezi kuti nthawi yakwana?

Akatswiri a zomera akhala akufufuza funso limeneli kwa zaka zoposa 100, ndipo lero ali ndi makina otha kuwerenga zocitika m'kati mwa tsamba. Koma makinawo sanganene zoona popanda cinthu cimodzi cimene mlimi ali yense acidziwa bwino pa msika, ndico muyeso wosasuntha. Nkhani ino ifotokoza za muyeso umenewo, ndiponso phunziro limene liripo kwa ife olima maluwa, nshawa ndi cimanga.

MAJINI NCIANI?

Poyamba tisiyanitse mau. Majini amene tikunena pano si mizimu yoipa ija imene anthu ena amaichula ndi dzina lomweli, iai. Awa ndi malangizo a cibadwa amene ali m'thupi la camoyo ciri conse.

Thupi la comera linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'selo iri yonse muli kaulusi kocepa kwambiri kochedwa DNA, kamene tingakayerekeze ndi buku la malangizo. Langizo limodzi m'bukumo ndilo jini. Pali jini ya mtundu wa duwa, jini ya kutalika kwa phesi, jini yothandiza comera kupirira ludzu, ndi ena ambiri. Cimanga cokha ciri ndi majini oposa 30,000.

Buku limeneli liri lathunthu m'tsamba, m'muzu, m'khungwa ndi m'duwa momwe. Umboni wace mumauona nokha. Mukadula nthambi ya bougainvillea wofiira ndi kuibzala, imaphuka mizu, nikhala citsamba cathunthu ca maluwa ofiira omwewo. Comweconso ndi zodula za cinangwa ndi kholowa wa mbatata. Nthambiyo inali nao kale malangizo a mizu, kungoti sanali kugwira nchito.

MAJINI OGONA NDI MAJINI ODZUKA

Tsono kusiyana kwa tsamba ndi muzu kwagona pa majini amene ali maso ndi amene ali m'tulo. Jini ikadzuka imatumiza amithenga ochedwa RNA kunka kumene nchito igwiridwa m'selo, monga mfumu itumiza anthu ace kukanena mau ku midzi. Jini yotanganidwa imatumiza amithenga ambiri, jini yogona situmiza ndi mmodzi yemwe. Cotero wofuna kudziwa kuti jini ikugwira nchito yocuruka bwanji, awerenge amithenga ace.

Tibwerere kwa poinsettia. Zofiira zija si maluwa, koma masamba. Maluwa eni eni ndi tinthu tacikasu tiri pakati. Cimene cimadzutsa majini ofiiritsa masambawo ndi kutalika kwa usiku. Cinsinsi cimeneci cinatulukira m'munda wa fodya. M'caka ca 1920 akatswiri awiri a ku America, W. W. Garner ndi H. A. Allard, analengeza zimene anapeza pa fodya wochedwa Maryland Mammoth, amene anali kungotalika osacita maluwa kufikira masiku atafupika. Anaona kuti zomera zambiri zimadziwa nyengo poyesa usana ndi usiku. M'caka ca 2007 akatswiri ena anasonyeza kuti tsamba likazindikira nyengo, jini yochedwa FT imapangitsa cizindikiro cimene cimayenda kufika kunsonga ya nthambi kukayambitsa maluwa.

Kuno ku Chipata usana wa m'mwezi wa Disembala umafika pafupifupi maola 13, koma wa m'mwezi wa Juni umatsika kufika pafupifupi maola 11 ndi mphindi 20. Kusiyana kocepa kumeneku nkokwanira. Ndico cifukwa cace poinsettia, amene kwao ndi ku Mexico, amafiira m'cisanu cathu, pamene ku Ulaya ndi ku America amafiira pa Khirisimasi, pakuti kumeneko usiku wautali umadza m'Disembala.

KUWERENGA AMITHENGA

Amithenga a jini imodzi ndi ocepa kwambiri, sangaoneke ngakhale ndi galasi lokuza zinthu. Njira yowawerengera inacokera ku nzeru yochedwa PCR, imene Kary Mullis wa ku America anatulukira m'caka ca 1983, nalandira nayo mphoto ya Nobel m'caka ca 1993. Ambiri a inu munamva dzina la PCR m'caka ca 2020, pamene anthu anali kupimidwa matenda a Covid-19. Makina ace ndi a mtundu womwewo.

Nchitoyo imayenda motere. Katswiri amathyola tsamba, naliumitsa msanga m'madzi a nayitirojeni ozizira madigiri 196 pansi pa ziro kuti amithenga asaonongeke. Atalipera, amacotsamo RNA, naisandutsa DNA, naiika m'kacubu pamodzi ndi mankhwala amene amasaka jini imodzi yokha imene iye afuna. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa kacubuko mobwereza, ndipo pa ulendo uli wonse ciwerengero cimawirikiza kawiri: kamodzi kakhala tiwiri, tiwiri tikhala tinai. Pa ulendo wa 10 kamodzi kaja kafika 1,024, ndipo pa ulendo wa 30 kapitirira 1,000,000,000. M'kacubumo muli utoto umene umawala zinthuzo zikacuruka, ndipo makina amalemba ulendo umene kuwalako kwayamba kuoneka.

Lamulo lace nlosavuta. Ngati amithenga anali ambiri paciyambi, kuwala kumaoneka msanga. Kuoneka ulendo umodzi patsogolo ndiye kuti anali ocuruka kawiri, maulendo awiri kanai, maulendo atatu ka 8.

MSAMPHA WOYAMBA

Tinene mwa citsanzo. Katswiri wayesa jini yofiiritsa masamba m'tsamba lofiira ndi m'tsamba lobiriwira. M'lofiira kuwala kwaoneka pa ulendo wa 24, m'lobiriwira pa ulendo wa 27. Kodi anene kuti jiniyo ikugwira nchito ka 8 kuposa m'tsamba lofiira? Asafulumire. Kapena m'kacubu koyamba munalowa RNA yambiri kuposa m'kacubu kaciwiri. Kapena tsamba lina linakhalitsa pa dzuwa amithenga ena nkuonongeka. Munthu amene apeza nshawa zofota zambiri m'thumba kuposa m'meda sanganene kuti munda wa mwini thumba ndiwo woipa, pakuti thumba nlalikuru kuposa meda.

Pofuna kupewa msampha umenewu, katswiri amayesanso jini yaciwiri m'masamba omwewo, jini imene iyembekezeka kugwira nchito mofanana nthawi zonse. Imeneyi ndiyo jini ya muyeso. Ngati jini ya muyeso yaoneka pa ulendo wa 20 m'masamba onse awiri, ndiye kuti macubu anali ofanana, ndipo kusiyana kwa ka 8 kuja nkoona. Koma ngati yaoneka pa 17 m'lofiira ndi pa 20 m'lobiriwira, ndiye kuti kacubu koyamba kanangodzala kwambiri, ndipo kusiyana kuja kunali kwabodza. Jini ya muyeso iri ngati mwala wa sikelo: zonse zimayesedwa poyerekeza ndi iyo.

Majini osankhidwa pa nchito imeneyi ndi aja osamala nchito za tsiku ndi tsiku za m'selo. Ena mwa maina ace ndi actin ndi tubulin, amene amamanga mizati ya selo. GAPDH, wothandiza kuphwanya shuga kuti selo ipeze mphamvu. EF1-alpha, wothandiza kupanga zomanga thupi. Ndi ubiquitin, wosonyeza zinthu zakutha zoyenera kutayidwa. Nchito zao ziri ngati kutunga madzi, kusesa ndi kuteka nkhuni pa mudzi, zimene sizilekeka m'dzinja kapena m'cirimwe.

MSAMPHA WACIWIRI

Kwa zaka zambiri akatswiri anali kungotenga imodzi mwa majini amenewa ndi kuikhulupirira osaiyesa. Koma mai ali yense adziwa kuti ngakhale madzi otunga sakhala ofanana masiku onse. Pa tsiku la maliro, la ukwati kapena lofulula mowa, mitsuko imacuruka. Comweconso ndi majini a nchito za tsiku ndi tsiku. Comera cikagwidwa ndi ludzu, cisanu kapena matenda, kapena cikayamba kucita maluwa, ena mwa majini amenewa amaonjeza nchito, ena amacepetsa.

Taonani coipa cimene cimatsatapo. Tinene kuti katswiri afuna kudziwa ngati jini ina imathandiza rozi kupirira cisanu. Jiniyo yaoneka pa ulendo wa 25 m'tsamba lofunda ndi pa 25 m'tsamba lozizidwa, ndiye kuti sinasinthe konse. Koma jini ya muyeso yafooka ndi cisanu, yaoneka pa 20 m'lofunda ndi pa 22 m'lozizidwa. Masamu adzaonetsa kuti jini yoyamba ija yakwera kanai, pamene cimene casuntha ndi muyeso. Katswiri adzalengeza kuti wapeza jini yopirira cisanu, obereketsa mbeu adzataya zaka ndi ndalama poilondola, ndipo potsiriza mlimi adzagula mbande zimene zidzapserera ndi cisanu monga zinzace.

Mwala wa sikelo ukaperepeseka, sikelo imanama kwa munthu ali yense, ngakhale woyesayo akhale woona mtima. Ndico cifukwa cace m'dziko lathu muli bungwe la Zambia Metrology Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2017, limene nchito yace ina ndi kupima masikelo a malonda. Ngakhale kilogalamu ya dziko lonse lapansi inakumana ndi bvuto lomweli. Kuyambira 1889 kufikira 2019 muyeso wace unali kacitsulo kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Pokayerekeza ndi tinzace topangidwa mofanana, anapeza kuti kulemera kwace kunali kusiyana pang'ono pang'ono popita zaka. Kusiyanako sikunafike ngakhale kulemera kwa kambeu kamodzi ka fodya, komabe kunali kokwanira kuti maiko agwirizane kupeza muyeso wina. Bodzalo linaoneka cifukwa panali miyeso ingapo yoyerekezana.

CALA CIMODZI SICIPHA NSABWE

Nzeru yomweyi ndiyo inakonza nchito ya majini. M'caka ca 2002 Jo Vandesompele ndi anzace a ku yunivesite ya Ghent, ku Belgium, anayesa majini a muyeso 10 m'ziwalo zosiyanasiyana za munthu. Anapeza kuti podalira jini imodzi yokha, pa zoyesa 100 ziri zonse, 25 zinali kuphonya katatu kapena kuposa. Analangiza kuti pakhale majini a muyeso angapo, atatu ngati nkotheka, napanga njira ya masamu yochedwa geNorm yosankhira okhazikika koposa. M'caka ca 2004 kunatulukanso njira zina ziwiri, NormFinder ndi BestKeeper. M'caka ca 2005 akatswiri a ku Max Planck Institute, ku Germany, anafufuza majini a kacitsamba kochedwa Arabidopsis, napeza mazana a majini okhazikika kuposa aja ochuka akale. Ndipo m'caka ca 2009 Stephen Bustin ndi anzace analemba malamulo ochedwa MIQE, amene amafuna kuti wolengeza zotsatira za makina amenewa asonyeze umboni wakuti muyeso wace unayesedwa.

Lero katswiri wosamala, asanayambe kufufuza citsamba catsopano, amacita izi. Amasankha majini 8, 10 kapena kuposa amene angakhale a muyeso. Amatenga masamba, mizu, nthambi, maluwa osatseguka ndi otseguka, kucokera ku zitsamba zothiriridwa ndi zaludzu, zofunda ndi zozizidwa, zabwino ndi zodwala. Amayesa majini onsewo m'zonsezi, nataya amene akwera ndi kutsika, nasunga awiri kapena atatu amene ayenda pamodzi osasuntha. Akatero ndi pamene amayamba kuyesa jini imene anali kufuna paciyambi.

Nchito yotere inacitika pa rozi m'caka ca 2011 ndi Maik Klie ndi Thomas Debener a ku Hannover, ku Germany, ndipo yacitikanso pa maluwa ena monga petunia, azalea ndi chrysanthemum. Phunziro limene limabwerezeka m'nchito zimenezi ndi limodzi: palibe jini imodzi yoyenera zomera zonse ndi nyengo zonse. Yokhazikika m'tsamba ikhoza kusuntha m'duwa, ndipo yokhazikika pa ludzu ikhoza kusuntha pa matenda. Muyeso uyenera kuyesedwa mwatsopano pa comera ciri conse ndi pa funso liri lonse.

KODI ZIMENEZI ZITIKHUDZA BWANJI KUNO?

Wina anganene kuti maluwa sadyedwa. Nzoona, koma amagulitsidwa. Minda ina ya kufupi ndi Lusaka yakhala ikutumiza rozi ku Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo kuno ku Chipata, umene unakhala mzinda waukuru m'caka ca 2017, anthu omanga nyumba ndi malo ogona alendo amafuna mbande za mipanda ndi za maluwa. Mwini nazale amapeza ndalama ya sukulu ya ana m'timacubu tace ta mbande. Mitundu yatsopano imene imafika kwa iye, yophuka msanga kapena yopirira kutentha, ina imacokera ku kafukufuku wotere.

Ndiponso njira yomweyi imagwira nchito pa mbeu za cakudya. M'caka ca 2013 akatswiri a bungwe la ICRISAT ku India anacita kafukufuku wosankha majini a muyeso a nshawa, kuti ofufuza za ludzu ndi matenda a nshawa asanamizidwe. Bungwe lomweli liri ndi malo ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, ndipo lagwira nchito pamodzi ndi Msekera Research Station ya kuno kwathu, imene iri pansi pa Zambia Agriculture Research Institute. Nshawa ya MGV 4, imene ku Malawi amaicha CG 7, ndi cipatso ca mgwirizano umenewo.

Amene munapitako ku Msekera pa tsiku la cionetsero munaona muyeso wosasuntha ndi maso anu. Mbeu yatsopano sibzalidwa yokha. Pambali pace pamabzalidwa mbeu yodziwika kale, pa nthaka yofanana, tsiku lomwelo, ndi feteleza wofanana, ndipo timinda timeneti timabwerezedwa malo angapo. Popanda mbeu yoyerekezera imeneyo, palibe angadziwe ngati zokolola zacuruka cifukwa ca mbeu, kapena cifukwa cakuti mvula inagwa bwino caka cimeneco.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Simufunika makina kuti mutsate nzeru imeneyi m'munda, m'dimba kapena m'nazale mwanu.

1. Poyesa mbeu, feteleza kapena mankhwala atsopano, siyani mizere ina imene mulima monga mwa masiku onse. Mizere imeneyo ndiyo muyeso wanu. Mukathira munda wonse, simudzadziwa ngati ndalama yanu yabala kanthu.

2. Mizere yoyesa ndi yoyerekezera isiyane pa cinthu cimodzi cokha. Musaike yoyesa pa culu kapena pamene panali khola, ndi yoyerekezera pa mcenga. Bzalani tsiku limodzi, palirani tsiku limodzi, thirirani mofanana.

3. Musakhulupirire citsamba cimodzi kapena mzere umodzi. Bwerezani malo atatu a munda, ndipo ngati nkotheka zaka ziwiri.

4. Yesani zokolola ndi tini imodzi kapena sikelo imodzi, ndipo lembani m'buku. Pogulitsa, funsani ngati sikelo ya wogula inapimidwa. Nkwanzeru kuyesa thumba limodzi pa masikelo awiri musanatsitse katundu yense.

5. Wogulitsa akakuuzani kuti mankhwala ace amacurukitsa maluwa kapena zokolola kawiri, mufunseni kuti anayerekeza ndi ciani, pa mbeu yanji, ndipo kuti. Cimene cinayesedwa pa rozi ku dziko lozizira sicinayesedwe pa bougainvillea wa ku Chipata. Safunsa anadya phula.

Kwa inu a nazale, nazi zoyesa ziwiri zosafuna ndalama. Poinsettia amafuna mdima wosadukiza usiku uli wonse kwa masabata angapo kuti afiire, ndipo nyali ya magetsi yoyaka usiku wonse ikhoza kumlepheretsa. Ikani mbande zina pansi pa nyali ya pakhomo ndi zina kumdima, kuyambira mwezi wa Marichi, ndipo muone kusiyana kwace m'cisanu. Bougainvillea amacita maluwa ambiri akakhala pa dzuwa ndipo madzi akacepa. Wothiriridwa tsiku ndi tsiku ndi kupatsidwa feteleza wa masamba wambiri amangobiriwira. Tengani mbande za msinkhu umodzi zodulidwa ku citsamba cimodzi, zina muzithirire monga mwa masiku onse, zina muzidikira kuti nthaka iume musanathirirenso, ndipo muwerenge nthambi zimene zacita maluwa.

Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu ali wokonzeka kukuthandizani kuyala timinda toyesera mvula isanagwe. Kamuoneni msanga, mutenge buku ndi pensulo, ndipo zimene mudzapeze mukauze anzanu pa msonkhano wa kalabu kapena wa kopaletivu.